Mabatani 16 pa Arduino, manambala akungosinthasintha okha

Wowerenga wina wanditumizira imelo iyi yokhudza Arduino, kabolodi kamagetsi komwe mumakalembera pulogalamu: "Ndalumikiza mabatani 16 ku Arduino Uno kudzera pa multiplexer ya CD74HC4067. Pa Serial Monitor 0 ndi 1 akungosinthana ndisanakhudze chilichonse, ndipo ndikadina batani lachitatu, lachinayi nalonso likuoneka ngati ladinidwa. Kodi chip yapsa?"

Achimwene, musathamangire kukagula ina. Chip imeneyi ndi switchi chabe: mapini S0, S1, S2 ndi S3 amasankha njira imodzi mwa 16 n'kuilumikiza ku pini ya SIG. Yokha siikweza kapena kutsitsa magetsi. Ndiye batani likakhala losadinidwa, waya wake sali ku 5V, sali ku GND (mbali ya 0V), angolendewera, ndipo amatola chilichonse chodutsa pafupi, ngakhale dzanja lanu. Kusinthasintha mukukuona pa Serial Monitor, zenera la pa kompyuta loonetsa zomwe Arduino ikutumiza, n'kumeneko.

Lumikizani mwendo umodzi wa batani lililonse ku GND, winawo ku njira yake ya multiplexer. Pini ya Arduino yomwe yalandira SIG muyitsegule ndi pinMode(pin, INPUT_PULLUP). Zimenezi zimayatsa resistor ya m'kati mwa Uno yokokera piniyo ku 5V; resistor imeneyi, ya pakati pa 20 ndi 50 kΩ, ikwanira mabatani onse chifukwa magetsi amadutsa mbali zonse mu chip imeneyi. Mungokumbukira kuti tsopano batani lodinidwa likupereka LOW (0), osati HIGH (1). Mukanakhala kuti mukugwiritsa ntchito multiplexer ina, 74HC151, bwenzi nkhani ili ina: iyo imatumiza mbali imodzi yokha, choncho batani lililonse limafuna resistor yakeyake.

Za batani lachinayi lonamiziridwalo, vuto ndi liwiro. Mukuwerenga mutangosintha njira, waya wa SIG akadali pa LOW chifukwa cha batani lachitatu. Resistor ya m'katiyo ndi yofooka, imafuna kanthawi kuti imukwezenso, makamaka mawaya akakhala aataliatali. Ikani delayMicroseconds(10) pakati pa kusintha S0 mpaka S3 ndi digitalRead(). Zikapitirira, onjezani resistor ya 4.7 kΩ kuchokera pa SIG kupita ku 5V. Ine ndimangoyiikiratu, siidula.

Pali tina ting'onoting'ono tomwe timapusitsa ngakhale akatswiri. Pini ya EN, yoyatsira ndi kuzimitsira chip, iyenera kukhala ku GND. Ikapita ku HIGH njira zonse zimatsekeka, ikalendewera chip imagwira ntchito ikafuna. Onaninso ngati mapini anayi osankhira aja munawalembera OUTPUT, komanso kuti bitRead(njira, 0), bit yotsikitsitsa ya nambala ya njira, ikupita ku S0, osati S3, apo ayi mabatani asokonekera manambala. Capacitor ya 100 nF pakati pa VCC (pini yolandira 5V) ndi GND, pafupi ndi chip, isasowe.

Zonsezi zikakanika, siyani kaye loop yozungulira njira zonse mu pulogalamu yanu. Sankhani njira 0 yokha, tengani multimeter, chida choyezera magetsi, muiike pa SIG, mudine batani loyamba. Muyenera kuona pafupifupi 5V ikugwa kufika pafupi ndi 0. Ikapanda kugwa, yang'anani breadboard, bolodi la timabowo lomwe mwasomekapo mawaya: mabreadboard ambiri mizere yawo yamagetsi imaduka pakatikati, ndipo theka la mabatani anu lingakhale kuti silikufika n'komwe ku GND.