Kodi música m'chilankhulo chathu ndi nyimbo kapena zoimbaimba?

Funso: Akonzi, ine ndine mphunzitsi pasukulu ina ya pulaimale kufupi ndi Ulónguè, m'boma la Angónia ku Mozambique. Ana akandifunsa mawu athu otanthauza música, ndimawauza kuti ndi nyimbo, koma mnzanga wina yemwe amakonda kumvera wailesi za ku Malawi akuti mawu oyenera ndi zoimbaimba. Kodi akulondola ndani, nanga gitala ndi ng'oma zili ndi dzina lanji lozitchulira pamodzi?

Yankho: Zikomo aphunzitsi. Inu ndi mnzanuyo nonse mukulondola, kungoti Chipwitikizi chinamanga mtolo umodzi zinthu zimene makolo athu ankazitchula padera padera, ndipo aliyense wa inu wasololamo nkhuni yake.

Mawu akuti nyimbo amachokera ku tsinde la -imba, ndipo amanena chinthu chowerengeka, chokhala ndi poyambira ndi pothera: nyimbo ya fuko, nyimbo ya maliro, nyimbo zitatu zimene kwaya yakonzekera Lamulungu. Sasintha kaya ikhale imodzi kapena zambiri. Chimene chimatiuza ndi mawu oyandikana nawo, monga nyimbo iyi ndi nyimbo izi. Choncho mwana akanena kuti gosto desta música akumvera wailesi, m'chilankhulo chathu akutanthauza kuti nyimbo iyi yamusangalatsa, ndipo apa yankho lanu silingatsutsidwe. Koma pamene música ikutanthauza phunziro, ntchito kapena luso lonse, nyimbo imaperewera, ndipo ndi pomwe mawu a mnzanuyo amalowera. Kubwereza tsinde mu zoimbaimba kumasonyeza kuchuluka ndi kusiyanasiyana, monga momwe zimakhalira mu zovinavina, ndipo n'chifukwa chake timati phunziro la zoimbaimba, kapena kuti mnyamata uja amadya za zoimbaimba. Ine pandandanda wa maphunziro ndingalembe zoimbaimba, ngakhale ndikuvomereza kuti agogo akumudzi akhoza kuwamva ngati mawu a pawailesi.

Gitala, ng'oma, kalimba, zeze ndi chisekese pamodzi ndi zoimbira, kapena zida zoimbira. Kachidutswa ka -ir- (m'mawu ena -er-) kamene kalowa pakatipo ndi komwe kamasonyeza chogwiritsa ntchito, monga mu cholembera ndi chophikira. Munthu wake ndi woimba, akachuluka ndi oimba, amene wayambitsa nyimbo yatsopano timati waipeka, ndipo njira yake yoimbira ndi maimbidwe. Pali mawu enanso amene olemba nkhani amawakonda, akuti chamba, monga ponena kuti woimba wa chamba cha uzimu. M'kalasi muwatchule mosamala, popeza ana achangu adzayamba kuganiza za fodya wamkulu uja.

Chimene chimandikopa kwambiri ndi mneni woti kuimba. Mpwitikizi amasiyanitsa cantar (kuimba ndi pakamwa) ndi tocar (kuliza chida), pomwe ife timaimba ndi pakamwa, timaimba ng'oma, timaimba gitala, timaimba belu, ndipo foni itabwera sitinavutike kufuna mneni wina, tinangoyamba kuimbirana. Ngakhale pabwalo la mfumu munthu amaimbidwa mlandu, ngakhale pamenepo palibe wovina. Ena amalemba kuyimba, ena kuimba, ndipo tanthauzo ndi limodzi; chofunika n'chakuti musankhe kalembedwe kamodzi pabolodi.

Mukafunsa chifukwa chake tilibe liwu limodzi lofanana ndendende ndi música, pitani pabwalo mukaone. Kwathu nyimbo siyenda yokha, ili ndi ng'oma yake, gule wake ndiponso nthawi yake, kotero kuti dzina la gule limanyamula zonsezi. Munthu akati kwa amfumu kuli chintali, wanena kale za oimba, ovina ndi oomba m'manja. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulengeza mu 2005 kukhala chuma cha chikhalidwe cha anthu a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, satheka popanda ng'oma ya mbalule ndi amayi ovomera nyimbo, koma palibe Mchewa angakuuzeni kuti akupita ku zoimbaimba. Amati akupita ku gule. Anansi athu Anyungwe a kufupi ndi mzinda wa Tete ali ndi nyanga, zitoliro zomanga pamodzi zimene gulu limaliza likuzungulira ndi kuponda pansi, ndipo dzina lomwelo limanena chida ndi gule yemwe.

Popeza muli ku Angónia, samalaninso kachizindikiro kamene kali mu ng'oma. Ng'oma ndi ija ya mtengo wosema ndi chikopa, pomwe ngoma, wopanda kachizindikiroko, ndi gule wa Angoni wovina ndi zishango ndi zibonga. Mwana akalemba kuti agogo ake amavina ng'oma, mufunseni kaye chimene akutanthauza musanamuchongere.