Kodi PR3 imawononga bwanji mitsempha ya magazi?

Wowerenga wina watitumizira imelo. Mchemwali wake wapezeka ndi matenda otupitsa mitsempha ya magazi, ndipo pepala lakulabu likuti PR3-ANCA yapezeka. Akufunsa kuti PR3 n'chiyani, nanga bwanji madokotala sakungopereka mankhwala oiletsa.

PR3, dzina lonse proteinase 3, ndi enzyme yodula mapuloteni. Imasungidwa m'timatumba ta m'kati mwa ma neutrophil, maselo oyera amene amayambirira kufika pomwe palowa tizilombo. M'timatumbamo mulinso elastase ndi cathepsin G, ndipo ntchito yawo ndi kugaya mabakiteriya omwe selo lameza. PR3 aliyense ali nayo. Chomwe labu yapeza mwa achemwali anu si enzyme ayi, koma ANCA, ma antibody (mapuloteni a chitetezo cha thupi) amene thupi lapanga molakwika kuti alimbane ndi PR3 yake yomwe.

Vuto limayenda chonchi. Matenda obwera ndi tizilombo, monga a m'mphuno, amadzutsa ma neutrophil, PR3 n'kutulukira pamwamba pa selo. ANCA ikagwira pamenepo, selo limamatirira kukhoma la kamtsempha n'kukhuthulira ma enzyme ake pakhomapo. Amapha maselo oyala m'kati mwa mtsempha, kenako amadula collagen ndi elastin zolimbitsa khomalo. Mu impso, tosefera timabooka, magazi ndi mapuloteni n'kumatuluka mu mkodzo. M'mapapo, munthu amatha kutsokomola magazi.

Mlonda alipo, ndiye alpha-1 antitrypsin, puloteni yopangidwa m'chiwindi yomwe imagwira PR3 ndi elastase. Koma pomwe selo lamatirira zolimba mlondayu salowapo, komanso mankhwala aukali a okosijeni ochokera m'selo lomwelo amamufooketsa. Anthu obadwa ndi mtundu wa Z wa jini ya SERPINA1 (malangizo achibadwa opangira puloteniyi) amakhala ndi antitrypsin yochepa, ndipo chiopsezo chawo cha matenda a PR3-ANCA n'chokwera.

M'mitsempha ikuluikulu olakwa ndi ena. Pa giant cell arteritis, nthenda ina yotupitsa mitsempha yogwira anthu opitirira zaka 50, ma enzyme ena otchedwa MMP-2 ndi MMP-9 ndi omwe amadula gawo lotanuka la khoma.

Nanga bwanji osangoziletsa? Ma enzyme'wa ndi ambiri, kutseka imodzi zina zimapitiriza, komanso thupi limawafuna popoletsa mabala ndi kupha tizilombo. Mankhwala oletsa ma MMP adayesedwa pa khansa m'zaka za m'ma 1990, koma ankapweteketsa mfundo ndi minofu. N'chifukwa chake chithandizo chimalimbana ndi gwero: prednisolone amaziziritsa kutupa, rituximab kapena cyclophosphamide amachepetsa maselo opanga ANCA, pomwe avacopan, wovomerezedwa ku America mu 2021, amatseka njira ya C5a, kapuloteni ka m'magazi koitanira ma neutrophil.

Chinthu chimodzi musachipeputse: mtundu wa matendawa wa PR3 umakonda kuyambiranso kuposa wa MPO, womwe ANCA yake imalimbana ndi enzyme ina yotchedwa myeloperoxidase. Achemwali anu asamaphonye kuyezetsa mkodzo ndi creatinine (muyezo wa m'magazi woonetsa mmene impso zikugwirira ntchito) ngakhale akumva bwino, chifukwa impso zimawonongeka osamva ululu, ndipo kuchuluka kwa ANCA pakokha sikusonyeza bwino ngati matenda adzukanso.