Kwa msuweni, za alendo ovuta wafunsa zija

Eee... yayamba kujambula? Yaa, yayamba. Msuweni, meseji yako ija ndaiona kalekale, kungoti kuno netiweki umachita kukaifuna kuseri kwa thanki ya madzi, ndiye ndikulankhula ndili chiimire, udzudzu ukundimaliza miyendo, uziyamika. Ndimati ndilembe koma ayi zala zatopa, umve voisi basi. Enanu a pagulu pano amene simukufuna kumva mudutse, ikhala yaitali.

Wafunsa kuti, dikira ndiwerenge bwinobwino... "asuweni, alendo ovuta mumathana nawo bwanji pa resepishoni kumeneko?" Hmm. Iweyo. Iwe amene chiyambire ntchito ino sunandifunsepo ngakhale kuti ndimagona pati, lero wadzuka ndi chidwi cha alendo ovuta. Ndakuona. Azakhali anandiimbira Lachiwiri, ndiye usavutike kuzungulira, ndikudziwa kuti akuitana ku intaviyu ku loji ina yakutali ngati inoyi.

Chabwino, alendo ovuta alipo, sindikunamiza. Koma ambiri si anthu oipa, ndi anthu otopa. Munthu wayenda maola 6, 7 mumsewu wa mabampu, msana ukuwawa, wakangana ndi mkazi wake m'galimoto, ndiye nkhope yoyamba kuiona ndi yako. Afika 11 koloko m'mawa akufuna chipinda pompo, chonsecho chekini, nthawi yolowa m'chipinda, ndi 2 koloko masana, amene analimo angotuluka kumene, mabedi sanayalidwe. Wina akufuna Wi-Fi yothamanga ngati ya kuofesi kwake. Wina mashini a kadi akana chifukwa netiweki yathawa, akukuyang'ana ngati ndiwe wakuba. Koma nkhondo yaikulu ndi ya magetsi. Ife tili pa sola ndi mabatire, jenereta timaliza pokhapokha zikavuta. Chowumitsira tsitsi chimodzi chimakoka mawati 1,500 kapena 2,000, babu ya LED imakoka osakwana 10, ndiye werengera wekha, mayi mmodzi kuumitsa tsitsi ndi ngati wayatsa mababu 200 nthawi imodzi. Invata, makina amene amatenga magetsi m'mabatire n'kuwapereka m'zipinda, imangoti thi, loji yonse mdima. Ndipo nthawi imene amafuna kutero ndi m'bandakucha, pamene mabatire afooka usiku onse dzuwa lisanatuluke. Ukawauza pofika amati yes yes, m'mawa wake thi.

Komanso kutali kuno kuli chinthu chimodzi chimene a m'tauni sachidziwa. Hotela ya m'tauni ikadzadza amangoimbira ina, kumukweza mlendo takisi, nkhani yatha. Ife timutumiza kuti? Loji ina ili maola angapo, usiku msewu suyendeka. Ndiye vuto lililonse limathera pa tebulo lako lomwelo.

Zimenezi zandikumbutsa amalume ako. Bambo anga aang'ono. Iii, nkhani iyi sindinakuuzeni eti? Amayi akuidziwa koma theka lokha. Chaka chatha, ayi, chaka chinacho, nthawi ya mapepala aja... musayambitsenso nkhani ya mapepala pagulu pano chonde, ndangotchula kuti mudziwe nthawi yake. Anafuna ndisaine, ndinawauza kuti ndibwera ndikapuma, iwo ayi sangadikire. Ndinangoona akutsika pa lole yobweretsa katundu, fumbi mpaka m'nsidze, atavala jekete ija. Mukuidziwa jekete ndikunenayi, ya ma batani atatu osafanana ija. Chipewa pamutu, kachikwama m'khwapa. Lole imabwera kamodzi pa sabata, ndiye kubwerera kwake mpaka Lachinayi linalo. Manejala wathu ndi mayi wabwino, anangoseka nati agone ku nyumba za antchito, bola asasokoneze alendo. Iwo anasankha mpando wa pambali pa resepishoni kukhala ofesi yawo, tsiku lonse ali phee kuyang'ana anthu.

Tsiku lachitatu lake ndi pamene zinachitika. Intaneti inali itafa masiku awiri, ndiye chipinda china tinachigulitsa pa foni, pamene pa webusaiti ya mabukingi chikuonekabe kuti chilibe munthu, wina anachibukanso komweko. Chipinda chimodzi, mabanja awiri. Ndipo ndi chipinda choyang'ana kumadzi, chimene aliyense amachifuna. Oyamba analowa kale. Achiwiri akufika cha m'ma 5 koloko, bambo wamtali, nkhope yofiira ndi dzuwa, pepala la bukingi m'manja. Nditangoyamba kufotokoza anaphulika. Kumenya tebulo, "I want the manager", mkazi wake wangoima pakhomo manyazi amugwira. Manejala anali atapita kukaona pampu ya madzi, ndinati pepani ndiwaitane pa wailesi, ndinalowa kuseri manja akunjenjemera, nthawi imeneyo ndinali ndisanazolowere.

Pobwerera ndikupeza bambo uja wasiya tebulo langa, waima kutsogolo kwa amalume ako. Waona munthu wachikulire, jekete, imvi, basi waganiza kuti manejala ndi ameneyu. Ine mtima unangoti lero ntchito yatha. Chifukwa Chingerezi cha bambo aang'ono mukuchidziwa, ndi mawu atatu ndi theka. Koma iwo osatekeseka. Anaimirira pang'onopang'ono, kuvula chipewa, kumanga batani lapakati, kukoka mpando wina ndi kumulozera. Munthu uja anakhala! Kaya chifukwa chotopa kaya ulemu, anakhala. Kenako anatulutsa kabuku kawo kaja ndi bolopeni, kunyambita chala, kutsegula tsamba. Bambo uja akakalipa akapuma, iwo amati "Is it?" Akapitiriza, iwo kupukusa mutu, "Very bad." N'kumalemba. Ndiye uone, munthu ataona kuti mawu ake akulembedwa anayamba kulankhula pang'onopang'ono kuti alembe bwino. Mawu anatsika. Anayamba kufotokoza za msewu, za tayala linaphulika, kuti ulendowu anaukonza miyezi ingapo chifukwa mkazi wake anadwala chaka chonse. Amalume ako "Very bad, very bad", maso achisoni ngati akumva zonse.

Patatha mphindi ngati 15 ndinalowererapo, ndinati bwana tili ndi chipinda china, si choyang'ana kumadzi koma ndi chachikulu, mawa enawo akatuluka tikusamutsirani. Zomwezomwe ndinanena poyamba paja! Mawu omwewo. Anangoti okay, that's fine, kugwirana chanza ndi amalume ako ndi manja awiri, n'kumapita.

Usiku ndinati bambo, tandionetseni zimene mumalemba zija. Msuweni. Anali mndandanda wa anthu amene ali nawo ngongole. Amangowonkhetsa. Ndipo dzina lako linalipo, lachitatu kuchokera pamwamba, usaseke.

Sizinathere pomwepo. Bambo uja atabwerera kwawo analemba riviyu pa TripAdvisor, webusaiti imene alendo amalembapo mmene aonera malo, kutipatsa 5 pa 5, akuti manejala wachikulire wa pamalopo ndi munthu wodziwa kumvetsera, a true gentleman. Manejala weniweni ndi mayi wa zaka za m'ma 30, anawerenga kawiri kenako anandiyang'ana. Mpaka lero akafuna kundiseka amati aitaneni abwana aja abwere.

Koma musawatame msanga. Usiku wa tsiku la mkangano lomwelo amalume ako anasanduka mlendo wovuta kuposa onse. Kachikwama kaja munali simbi yamagetsi, anabwera nayo yosita jekete. Anailumikiza cha m'ma 9 koloko, simbi imakoka mawati oposa 1,000, invata thi, mdima ponseponse, alendo ali pa bala. Ndiye m'malo mokhala pansi anatuluka kuti akaone chavuta n'chiyani. Kuno lamulo ndi loti usiku suyenda wekha, mlonda amakuperekeza ndi tochi, chifukwa mvuu zimatuluka m'madzi kudzadya udzu mpaka pakati pa nyumba, ndipo mvuu ikathamanga pamtunda munthu sungaipose, imafika liwiro la makilomita 30 pa ola ndi thupi lonse lija. Choopsa kwambiri ndi kupezeka pakati pa iyo ndi madzi. Ndinawauza tsiku loyamba, anandiyankha kuti mdima anauyamba ine ndisanabadwe. Mlonda anakawapeza atakumbatira mtengo, ali zii, mvuu ikudya udzu chapafupi osawalabadira n'komwe. Akuti anaima pamenepo kwa theka la ola. M'mawa ndikuwafunsa akuti ayi ndimangoiphunzira khalidwe lake.

Aaa ndalankhula za amalume ako nthawi yonseyi. Dikira... eya, yankho lako. Ndi lalifupi. Munthu akakwiya usamudule mawu, mukhazike pansi, tenga pepala uzilemba, koma iwe uzilemba zenizeni. Usanene kuti si vuto langa ngakhale lisali lako, ndipo usamunenere wa kuhausikipingi, wokonza m'zipinda, kapena dalaivala pamaso pa mlendo. Usalonjeze kubweza ndalama kapena usiku waulere, zimenezo ndi za manejala, iwe lonjeza chimene ungachite ndi nthawi yake, "ndibwera ndi yankho 7 koloko", ndipo 7 koloko upiteko ngakhale yankho likhale loti zakanika. Fomu yolembetsa pofika asaine nthawi zonse, chifukwa munthu atha kukafika kwawo n'kukauza banki yake kuti ndalama ija sakuidziwa, siginecha ndi imene imakuombolani. Wina akakuopseza kuti ndikulemberani riviyu yoipa mukapanda kundichotsera mtengo, usanjenjemere, lemba m'buku mawu ake ndi nthawi, uuze manejala. Ndipo woledzera akakuitana kuchipinda usiku kuti kaya loko wavuta, supita wekha, umapita ndi mlonda. Izi ndiye usaiwale, azakhali akumva. Basi. Zonsezi uziphunzira m'mwezi umodzi, sizovuta.

Koma si zimene ukufunsa iwe. Iwe ukufunsa ngati ungakwanitse. Ngati ukathawe... pepani, ngati ukachoke pakhomopo upite kutali zikakuyendere. Ndiye ndikuuze zoona ngati msuweni wako. Mlendo wovuta amakhala masiku atatu, anayi, lole kapena galimoto yake imamutenga, sudzamuonanso. Amene amatsala ndi iwe. Ukaweruka palibe kokapita, chipinda chako chili masitepe 50 kuchokera pa tebulo limene wakalipiridwa, anthu amene wayambana nawo masana ndi omwewo ukhala nawo madzulo, ndi mawa, ndi mkuja. Ife timagwira masabata 6 kenako kupuma awiri. Masabata 6 nkhope zomwezo. Palibe kuti nditulukeko kaye ndikaone anzanga, palibe kumenyetsa chitseko n'kupita kwa agogo ngati mmene unachitira Disembala uja. Ndipo iwe ndimakudziwa, pamaso pa anthu ndiwe wolimba, kuyankha umatha, mwina kuposa muyezo, koma mawu umawasunga. Munthu akakunena Lolemba iwe Lachisanu ukuwatafunabe. Mpaka pano nkhani ya njinga ija sunaiiwale, tinali ana.

Ndiye chimene ndikunena n'choti alendo sangakugonjetse iwe, chimene chingakugonjetse ndi madzulo, ukakhala wekha ndi zimene wamva tsiku limenelo. Ine miyezi itatu yoyamba ndimalira kuseri kwa thanki yomwe ndaimayi, osati chifukwa cha mlendo, koma kusowa womuuza. Chinandithandiza ndi mayi wina wochapa zovala, wamkulu, tinayamba kukhala limodzi tikaweruka, ndimamufotokozera zonse iye akupinda mataulo, mwina theka samamvetsera n'komwe, amangoti "ee, zoona", ndendende amalume ako. Ndimadzuka mtima utapepuka.

Ku intaviyuko akakufunsa za mlendo wokwiya uyankha bwino, sindikukayika. Koma akati kodi muli ndi funso, usafunse za malipiro okha. Funsa kuti mumagwira masabata angati musanapume, transipoti yotuluka imakhalapo liti ndipo amalipira ndani, chipinda mumagona angati, munthu akadwala usiku amapita naye bwanji kuchipatala, amene anali pa ntchitoyo anakhala nthawi yaitali bwanji ndipo anachokeranji. Mayankho amenewo ndi amene akuuze ngati ukakhalitse, alendo asiye, amabwera amapita. Ndikubwerezanso chifukwa ndikudziwa wayamba kale kusewera ndi foni: si mlendo, ndi iwe ndi chipinda chako usiku. Ukakhala ndi mmodzi yekha womuuza, ukhala. Ndipo ine ndilipo, bola uziimba nthawi imene ndili pa thanki.

Dikira, wailesi ikulira... eya ndamva, ndikubwera... akuti a chipinda 4 apeza buluzi m'bafa akufuna manejala. Buluzi. Ndapita. Upereke moni kwa azakhali, uwauze nsalu ija ndinalandira. Ndipo ngongole ya amalume ako ubweze iwe, kabuku kaja akadali nako.