Mpamba wa okala ukuthera mu utsi: katapila adikire, werengani kaye ndudu

Funso: Aphungu, ndili ndi okala pafupi ndi Limbuli, m'mbali mwa njira imene anthu othyola tiyi amadutsa popita ndi pochoka ku esiteti. Ndimagulitsa shuga, sopo, mchere, mafuta ophikira a m'machubu, machesi ndi ndudu. Chimene chimayenda kwambiri ndi ndudu, moti ndimatsegula mapaketi atatu patsiku. Paketi ndimapikula pa K1,600, ndudu imodzi ndimagulitsa K100. Ena amatenga pangongole n'kudzalipira akalandira, pakatha masabata awiri. Bambo a kunyumba amasuta, amatengako pang'ono chabe, mwina 6 patsiku, achimwene anga ziwiri akabwera kudzacheza madzulo. Koma mpamba ukungocheperachepera, mashelefu ayamba kuoneka matabwa. Bambo wina wakatapila akuti andipatsa K100,000 ndidzabweze K150,000 mwezi ukatha. Nditenge, kapena ndidikire ya ku banki mkhonde? Mayi wa okala, Mulanje.

Yankho: Mayi, zonse ziwiri ayi. Funso lanu lalunjika kwa wakatapila, koma vuto lakhala phee pakati pa kalata yanu, pa mawu aja akuti "pang'ono chabe". Makalata ochokera ku Limbuli, Chitakale, Luchenza ndi Bvumbwe amabwera ndi mawu omwewa, ndipo nthawi zonse wolembayo amawadutsa mothamanga ngati kuti sakumukhudza.

Anthu amadabwa kuti munthu wothyola tiyi kapena wamaganyu, amene ndalama yake sifika kumapeto kwa mwezi, amakwanitsa bwanji kusuta tsiku ndi tsiku. Sakwanitsa. Amagula imodzi-imodzi kuti asaone kukula kwa ndalamayo, amasiyirana ndudu imodzi anthu atatu, zikathina amatsikira ku chingambwe chopichira m'khoko la chimanga kapena m'pepala la kope la mwana. Chotsalacho amalipira munthu wina amene sasuta n'komwe. Panjira yanu ija, munthu ameneyo ndi inu.

Tiyeni tiwerenge ndi mitengo yanu yomweyi, ngakhale mawa isintha. Paketi ili ndi ndudu 20. Mwapikula pa K1,600, ndiye kuti ndudu iliyonse yakudyerani K80, ndipo mukaigulitsa K100 phindu lanu ndi K20 basi. Gwiritsitsani nambala imeneyi. Ndudu imodzi ikatuluka osalipiridwa, simunataye K20, mwataya K80 ya mpamba, ndipo kuti ibwerere muyenera kugulitsa ndudu zinayi pakashi osapeza kalikonse. Ndudu 8 za abambo ndi achimwene zikufuna kuti mugulitse 32 kuti mungofika pomwe munayambira.

M'mutu mwanu mumati mapaketi atatu ndi phindu la K1,200 patsiku, K36,000 pamwezi. Tione kumene ndudu 60 zija zimapita. 8 zapita pakhomo. Tiike ziwiri zothyoka kapena zonyowa, pakuti paketi yotsegula sichedwa kufewa ndi chinyontho cha ku Mulanje, kaya ndi dzinja kaya ndi nthawi ya chiperoni. Tiike 20 pangongole, ndipo ndakukomerani mtima pamenepo. Zatsala 30 za kashi, K3,000. Mawa mukufuna K4,800 yopikulira mapaketi ena atatu. K1,800 yoperewerayo mumaitenga kuti? Mumaitapa m'ndalama ya shuga ndi sopo, chifukwa zonse mumaponya m'chitini chimodzi. N'chifukwa chake shelefu ya sopo ndi imene ikuoneka matabwa pamene ya ndudu sidukiza.

Ngongole ija ikabwera, sibwera yonse. Mwa ndudu 20 zokongoza, tinene kuti 5 zimasowa: wina wakana kuti sanatenge, wina wasamuka, wina munaiwala nokha. Ndiye patsiku mwatolera K3,000 ndi K1,500, zonse pamodzi K4,500, pa katundu wa K4,800. Mukuluza K300 patsiku, K9,000 pamwezi, pa malonda amene mukuti ndi oyenda kwambiri. Kuchoka pa phindu la K36,000 limene mumaliyembekeza kufika pamenepa pali phompho la K45,000 mwezi uliwonse. Sindinawerengere machesi oyatsira amene aliyense amakhwatcha ulere pawindo panupo.

Tsopano tengani K100,000 ya bambo aja. Chiwongoladzanja chokha ndi K50,000. Pa K20 ndudu imodzi, muyenera kugulitsa ndudu 2,500 pakashi, mapaketi 125, kupitirira anayi patsiku mwezi wonse, popanda yothyoka, yokongoza kapena ya abambo, kuti mungolipira chiwongoladzanjacho. Mpamba wake wa K100,000 ukadali pomwepo kukudikirani. Wakatapila sapereka ndalama chifukwa chokhulupirira bizinesi yanu ayi. Waona malata a okala, waona njinga, mwinanso waona kamunda, ndipo adzafuna chikole. Mukalephera mwezi woyamba adzakuuzani mwaulemu kuti mungopereka K50,000 yapamwambayo, inayo ipitirire. Miyezi itatu mwam'patsa K150,000 koma ngongole ikadali yathunthu. Ya ku banki mkhonde ndi yofatsirapo, magulu ambiri amaika 20 pa 100 pamwezi, ndipo chiwongoladzanjacho chimabwerera kwa inu nomwe pogawana. Komabe K20,000 ndi ndudu 1,000. Kuthira madzi ena m'ndowa yobooka sikutseka chibowo, ndipo amayi anzanu akadzabwera kudzanyamula mapoto simudzapezanso pobisa nkhope kutchalitchi.

Chimene chikukuphani ndi kusalemba, ndipo apa ndiima nthawi yaitali chifukwa ndi pamene ambiri mumandikwiyitsa. Shuga mumam'werenga chifukwa paketi ndi yaikulu, ikasowa imaoneka. Ndudu ndi kanthu kakang'ono, kamatuluka kamodzikamodzi maulendo makumi angapo patsiku, kwa anthu amene mumawadziwa mayina ndi ana awo. Palibe mutu umene ungasunge zimenezo masabata awiri. Amene amati "ndimakumbukira onse" ndi omwe amatilembera kuti ndalama zikusowa mwamatsenga, ena mpaka kupita kwa asing'anga kukatsirika okala, pamene chithumwa chake ndi kope la masamba 40 ndi bolopeni yomangirira pachingwe.

Chitani chonchi kuyambira mawa. Pezani chitini chachiwiri, cha ndudu zokha. Ndalama ya ndudu isakhudzane ndi ya sopo, ngakhale posintha tchenji, mukatapamo, lembani. Tsegulani paketi imodzi pa mtundu uliwonse, ina isatsegulidwe yoyambayo isanathe. Mukatsegula, jambulani mzere m'kope ndi timabokosi 20. Ndudu iliyonse ikatuluka, lembani m'kabokosi chilembo chimodzi: K ya kashi, N ya ngongole, P ya pakhomo, T ya yothyoka. Paketi ikatha, werengani ma K, chulukitsani ndi 100, ndalama ya m'chitini ifanane ndi nambalayo. Ikapanda kufanana, dziwani kuti pali dzanja lina, ndipo kawirikawiri limakhala la amene mumam'siyira okala mukapita kumsika kapena kumaliro. Masabata awiri okha, kuchokera tsiku la malipiro kufika lina, mudzakhala ndi nambala zanuzanu m'malo mwa zongoyerekeza zangazi.

Kumbuyo kwa kope lomwelo, aliyense wokongola akhale ndi tsamba lake. Lembani tsiku ndi kuchuluka kwa ndudu iye akuona, asayine kapena adinde chala. Ndipo ngongoleyo muziilemba m'ndudu, osati m'makwacha: "ndudu 14", osati "K1,400". Adzalipire pa mtengo wa tsiku lolipiralo. Amene anali ndi okala mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 pa 100, akukumbukira mmene mitengo ya kuholoselo inadumphira m'masiku ochepa, anthu n'kumabweza ngongole pa mtengo wakale umene sukanagulanso katundu yemweyo. Ikaninso malire: munthu mmodzi asapitirire paketi imodzi pakati pa malipiro awiri, ndipo amene watsala ndi ngongole yakale, ngakhale ya ndudu zitatu, salandira ina. Tsiku la malipiro musadikire kuti akupezeni. Ndalama ya wothyola tiyi ili ndi eni ake ambiri, wakatapila, wa kachasu, wa nyumba, wa chigayo, ndipo amene amafika mochedwa amapatsidwa nkhani.

Samalaninso ndi kalendala ya tiyi. Masamba amachuluka mvula ikayamba, cha mu Disembala mpaka Epulo kapena Meyi, ndipo nthawi imeneyo maesiteti amalemba anthu ambiri anyengo. Mvula ikatha ntchito imachepa, ambiri amabwerera kwawo, ena kutsidya ku Milange, ku Mozambique. Ngongole zambiri zimafera pamenepo. Pofika kumapeto kwa Marichi yambani kutseka masamba a anthu anyengo, mukongoze okhawo okhazikika amene mukudziwa pamene pali nyumba yawo.

Nkhani ya abambo ndi achimwene ndi imene mukuiopa, ndikudziwa. Kwanu kuno n'kwa chikamwini, okala yaima pamalo a kwanu, ndiye achimwene amaiona ngati nkhokwe ya mbumba, abambo nawo amati za mkazi wanga ndi zanga. Inde, chibale ndi fupa, sichiwola, koma kuholoselo salandira chibale. Musayambe ndi kuwauza kuti asiye fodya. Chibaba sichimva kukalipiridwa, adzangosamukira pa okala ina n'kukatenga pangongole, ngongoleyo n'kudzabwerabe pakhomo panu. Yambani ndi kuwaonetsa nambala. Ndudu 6 patsiku pa K100 ndi K18,000 pamwezi, K219,000 pachaka. Mu 2024 boma linakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi. K18,000 ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a ndalama imeneyo. Abambo sanaionepo nambalayi chifukwa sinatulukepo m'thumba mwawo.

Ndiye itulukemo. Tsiku limene alandira, akupatseni K6,400, muwapikulire mapaketi anayi pa mtengo wa kuholoselo, osaikapo phindu. Ndudu 80 zimenezo ndi zawo za masabata awiri, azisunga okha, kutali ndi shelefu. Zikatha tsiku lisanakwane, agule pawindo K100 ngati wina aliyense. Mwawapatsa ulemu, mwawachotsera K20 pa ndudu, ndipo mpamba wanu wapuma. Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti munthu akayamba kuona paketi yake ikuphwa, yekha amayamba kuchepetsa: ya m'mawa amaisunga, ya masana amaizimitsa pakati. Achimwene nawo tsamba lawo m'kope, kapena ngati mukufuna kuwapatsa mphatso, ikhale mphatso yodziwika, yochokera m'phindu lanu, mutulutse K200 m'chikwama muiponye m'chitini iwo akuona. Zikavuta, musakangane pawindo makasitomala ali pompo. Itanani ankhoswe kapena atsibweni, muike kope pamphasa.

Pali mayesero amodzi amene adzakupezani mukazindikira kuti K20 ndi yochepa: anyamata a njinga obweretsa ndudu zotchipa zodzera njira zachidule, zopanda sitampa ya msonkho. Muli pafupi ndi malire a dziko a ku Muloza, mukuwadziwa. Phindu lake limaoneka lonona, koma katundu wozembetsa a bungwe lotolera misonkho la MRA akam'peza amalanda, ndipo katoni imodzi ya mapaketi 10 ikapita, pa mitengo yanuyi mwataya ndalama yofuna ndudu 800 kuti ibwerere. Zisiyeni. Ana otumidwa ndi makolo nawonso musamawapatse. Mwana wonyamula ndudu lero ndi amene mawa adzatsegule tsamba lake m'kope lanu asanayambe kulandira ngakhale tambala.

Zosunga ndi zapafupi. Paketi yotsegula izikhala m'kontena ya pulasitiki yotseka bwino, kutali ndi sopo ndi parafini chifukwa fodya amakoka fungo, ndipo wosuta akangomva sopo m'ndudu sabweranso. Musalole kasitomala kulowetsa zala m'paketi kuti asankhe, ndi mmene zimathyokera. Machesi mangirirani bokosi limodzi pachingwe, mtengo wake uchoke m'chitini cha ndudu.

Mukatseka mabowo onsewa, ena mwa makasitomala a ngongole adzathawa. Athawe. Tinene kuti mwatsala ndi ndudu 40 patsiku zolipiridwa: ndi K800 patsiku, K24,000 pamwezi, yeniyeni. Apo ndiye mudzifunse ngati malonda a ndudu akuyenera malo pa okala yanu. Onani m'kope ngati osutawo amagulanso china, kaya mchere kaya mandasi. Ngati amangotenga ndudu n'kuyatsa n'kumapita, yesani kuika K3,200 yopikulira ndudu 40 za tsiku limodzi mu zinthu zimene anthu ochoka kumunda wa tiyi amafuna madzulo, tomato, usipa wa pamulu, ufa wa m'timajumbo, ndipo muyerekeze phindu lake ndi K800 ija kwa masabata awiri enanso.

China chimene sichili m'kalata yanu koma chimalowa m'chitini chomwecho: abambo akayamba kutsokomola mpaka masabata awiri, apite akayezetse makhololo kuchipatala cha boma, kuyeza TB n'kwaulere. Wothyola tiyi wodwala sathyola, ndipo ndalama ya mayendedwe ndi ya phala la wodwala idzachoka pa okala yomweyi.

Ngongole ya ku banki mkhonde mudzaiganizire pakatha miyezi iwiri kope likuyenda, chitini cha ndudu chikudzipikulira chokha osabwereka kwa sopo. Ikadzafunikabe, isapitirire K30,000, ipite ku katundu amene kope laonetsa kuti amatha msanga pakashi, ndipo mudzatilemberenso mutatumiza nambala za ma K, ma N, ma P ndi ma T za miyezi iwiriyo.