Kodi ndizilemba zilembo pansi pa manoti?

Mayi wina wandilembera pa imelo. Anagula kiyibodi ya makiyi 61, ndipo nyimbo zina amaziimba pongomvera, koma akatsegula buku la manoti mutu umaima. Ndiye amatenga pensulo n'kulemba C, D, E pansi pa noti iliyonse. Akufunsa ngati apitirize choncho mpaka atazolowera, komanso chifukwa chake manoti a dzanja lamanzere sagwirizana ndi a dzanja lamanja.

Zikomo mayi pondilembera. Zilembozo zilekeni, ndipo zomwe munalemba kale mufufute. Diso likaona chilembo silibwereranso ku noti, moti chaka chikhoza kutha mukuwerenga zolemba zanu zomwe. Komanso chilembo sichinena zonse. Pa kiyibodi yanuyo pali ma C 6, pa piyano ya makiyi 88 alipo 8. Mukalemba C, mukunena uti? Malo amene noti yakhala papepala ndiwo amayankha funso limenelo. Pensulo muzilembera manambala a zala okha, 1 pa chala chachikulu mpaka 5 pa chaching'ono.

Manoti amakhala pa mizere isanu ndi m'mipata inayi ya pakati pake. Noti ikachoka pamzere n'kukwera mumpata wotsatira, chala chimasunthira pa kiyi yoyera yoyandikana nayo kumanja. Ikatsika, chala chimabwerera kumanzere. Guido wa ku Arezzo, mmonke wa ku Italy, anakonza kalembedwe ka pa mizereka cha m'ma 1025 pofuna kuti oimba azitha kuimba nyimbo imene sanaimvepo, ndipo cholinga chathu n'chomwecho mpaka lero.

Tsono za dzanja lamanzere. Nyimbo ya piyano ili ndi magulu awiri a mizere, lapamwamba la dzanja lamanja, loyamba ndi chizindikiro chotchedwa treble clef, ndi lapansi la dzanja lamanzere, loyamba ndi chizindikiro chotchedwa bass clef. Muwaone ngati makwerero amodzi a masitepe 11 amene sitepe yake yapakati inachotsedwa kuti maso asasokonezeke. Sitepe yochotsedwayo ndi malo a C wapakati, n'chifukwa chake iye amalembedwa ndi kamzere kakekake kakafupi. Gulu lapansi ndi kupitiriza kwa lapamwamba kutsikira ku mawu aakulu, choncho mayina sangafanane: mzere wapansi kwambiri wa treble clef ndi E, pamene wa bass clef ndi G.

Musayambe n'kuloweza mizere yonse. Gwirani manoti atatu basi. Pezani C wapakati, kiyi yoyera imene ili kumanzere kwa makiyi awiri akuda, ndipo pa kiyibodi yanu ndi C wachitatu kuchokera kumanzere. Ikani chala chachikulu cha kumanja pamenepo, zala zinazo zigone pa makiyi otsatira. Chaching'ono chagwera pa G. Papepala, G ameneyo ali pa mzere wachiwiri kuchokera pansi, umene mimba ya treble clef imauzungulira. Tsopano ikani chala chachikulu cha kumanzere pa C yemweyo. Chaching'ono chagwera pa F, amene ali pa mzere wodutsa pakati pa timadontho tiwiri ta bass clef. Zizindikiro ziwirizi zinachokera ku zilembo G ndi F zomwezo, zinangopindika m'kupita kwa zaka.

Kuchokera pa atatuwa, muziwerenga mtunda. Mzere kupita mumpata woyandikana nawo, chala chotsatira. Mzere kupita pa mzere wotsatira, mwalumpha kiyi imodzi. Mzere kulumpha mzere umodzi, ndi mtunda wa chala chachikulu kufika pa chaching'ono. Odziwa kuwerenga satchula dzina la noti iliyonse mumtima, amaona kuti nyimbo yakwera pang'ono, yalumpha, yabwerera. Mayina adzabwera okha, ndipo adzakhazikika kuposa oloweza.

Kutalika kwa noti ndi kumene ambiri amakunyalanyaza, ndipo ine zimandidandaulitsa, chifukwa noti zolondola zoimbidwa pa nthawi yolakwika sizipanga nyimbo. Mu nyimbo ya 4/4, imene timawerenga kugunda kanayikanayi, semibreve (noti yoyera m'kati yopanda mwendo) ndi kugunda kanayi, minim (yoyera m'kati ya mwendo) kawiri, crotchet (yakuda ya mwendo) kamodzi, quaver (yakuda ya mwendo ndi kamchira) theka. Kadontho kumanja kwa noti kamawonjezera theka la kutalika kwake. Musanakhudze kiyibodi, ombani m'manja mzere wonse mukuwerenga mokweza. Muyang'anenso koyambirira kwa mzere: chizindikiro cha sharp (♯) chimodzi pa F chikutanthauza kuti F aliyense mu nyimboyo, wapamwamba ndi wapansi yemwe, aimbidwe pa kiyi yakuda ya kumanja kwake.

Khutu lanulo ndi mphatso, musalipeputse. Koma pa kuwerenga likhoza kukubwezani m'mbuyo, pakuti mukabwereza nyimbo kangapo muiloweza, maso n'kumangoyang'ana pepala osawerenga. Ndiye tsiku lililonse patulani mphindi 10 kapena 15 za nyimbo yachilendo, yophweka kuposa zimene mumatha. Yambani ndi dzanja limodzi, lamanzere mulipatse nthawi yochulukirapo, ndipo muziimba pang'onopang'ono moti musamaime panjira. Maso akhale papepala. Zala zizipapasa magulu a makiyi akuda, awiri ndi atatu, kuti zidziwe pamene zili. Mukamaliza timizere tingapo, mawa lake tsegulani tsamba lina.