Kwa achimwene ofuna kuyamba ma mod: luso lina limasamuka, lina limatsalira pa gemu yomweyo

Achimwene, mwafunsa ziwiri: muyambire pati kupanga ma mod pomwe laputopu yanu ndi yakale ndipo khodi simunaigwirepo, komanso ngati zomwe mungaphunzire pa gemu imodzi zingadzakuthandizeni pa gemu ina kapena pantchito. Ndiyankha motalikitsa chifukwa funso lachiwirilo anthu amaliyankha mwachibwana, ena akuti zonse zimasamuka, ena akuti nkutaya nthawi. Onsewo akulakwitsa.

Tichotse kaye chisokonezo. Ambiri kuno akamva "mod" amaganiza za mod APK, ija yokupatsani makoini osatha pa foni. Imeneyo ndi gemu yothyoledwa, ndipo kuiika pa foni sikukuphunzitsani kanthu, kupatula kuti nthawi zina mumalowetsa nayo kachilombo kapena akaunti yanu imatsekedwa. Mod yomwe mukufunsa inu ndi yowonjezera kapena kusintha zinthu m'gemu: galimoto yatsopano, mapu, yunifolomu, malamulo a kaseweredwe. Ngati munapangapo jezi ya Bullets kapena ya Manoma mu Dream League Soccer, chithunzi chija cha 512 kwa 512 chomwe mkono uli kwake, kolala ili kwake, ndiye kuti phazi limodzi lili kale m'khomo. Chithunzi chophwatalala chokulunga thupi la osewera ndi ntchito yomweyo yomwe anthu amachita mu Blender, pulogalamu yopangira zinthu za 3D, kungoti kumeneko mumadula nokha.

Poyambira ndi pa gemu yomwe muli nayo kale, yomwe laputopu yanu imaikwanitsa, yomwe mwaisewera mpaka mukudziwa chomwe chimakunyansani m'menemo. Musayambe ndi maloto a mapu a Lilongwe yonse mu GTA. Amene amayamba motero amatha sabata ziwiri akutsitsa zida, nkusiya asanamange ngakhale mpanda umodzi. Sinthani chinthu chimodzi chaching'ono, muone chikugwira ntchito, kenako china.

Ngati mulibe gemu yomwe mtima uli pomwepo, ine ndingakulozereni Luanti, yomwe mpaka 2024 inkatchedwa Minetest. Ndi yaulere, imafanana ndi Minecraft, imayenda pa makina ofooka ndiponso pa Android, ndipo siidya bandulo ngati magemu akuluakulu. Chokoma chake nchakuti pafupifupi chilichonse m'menemo ndi mod, cholembedwa m'chilankhulo cha khodi chotchedwa Lua, ndipo mutha kutsegula mafayilo a anzanu nkuwerenga. Mod yanu yoyamba ndi foda imodzi. M'katimo mumaika kafayilo ka mod.conf kotchula dzina la mod, foda ya textures yokhala ndi kachithunzi ka PNG ka 16 kwa 16 komwe mwajambula mu pulogalamu yojambulira ya GIMP, ndi fayilo ya init.lua. Mu init.lua mumaitana register_node, nkulemba dzina la chinthucho, tinene njerwa yowotcha, dzina la chithunzi chake, ndi kulimba kwake pochikumba. Mizere yosakwana khumi. Mukatsegula gemu, njerwa yanu ili m'manja, mukumangira nyumba.

Koma nthawi zambiri siitseguka ulendo woyamba, ndipo sukulu yeniyeni ili pamenepo. Mwaiwala kachizindikiro ka koma (,) kamodzi pakati pa mizere iwiri, gemu ikana kulowa, ikulemberani uthenga wotchula fayilo ndi nambala ya mzere. Kapena dzina la njerwa silinayambe ndi dzina la mod yanu, nayo ikana. Kapena ilowa bwinobwino koma njerwa ilibe chithunzi chifukwa dzina la fayilo mwalemba mosiyana ndi la mu khodi. Woyamba kumene amatseka uthengawo mwamantha osauwerenga nkomwe. Uwerengeni. Pitani pa mzere womwe watchulidwa, muyang'anenso mzere wa pamwamba pake, chifukwa cholakwika chimakonda kubisala pamenepo. Tsegulani debug.txt muone zomwe gemu inalemba isanagwe. Chizolowezi chimenechi chokha ndi chomwe chimasiyanitsa amene adzapitirira ndi amene adzakhale akufunsa m'magulu kuti "sizikutheka, thandizeni" opanda ngakhale chithunzi cha vutolo.

Tsopano za kusamuka kwa luso. Zili ngati mnyamata wophunzira umakaniko ku Biwi: akaphunzirira pa Toyota, kumva kulira kwa injini ndi kusaka pomwe pakudontha amapita nako pa Nissan, koma kudziwa pomwe kabawuti kenakake kamabisala pa Corolla kumathera pa Corolla pomwepo.

Zotsalira pa gemu imodzi ndi zambiri ndithu, ndipo ndi zomwe zimadya nthawi yochuluka. Skyrim, yomwe inatuluka mu 2011, ili ndi chida chake chopangira ma mod cha Creation Kit chomwe eni gemuyo, a Bethesda, anatulutsa mu 2012, ndi chilankhulo chake cha Papyrus. Papyrus mudzaigwiritsa ntchito pa Skyrim, Fallout 4 ndi Starfield, basi. Palibe kampani ya mapulogalamu yomwe idzakufunseni Papyrus. Chimodzimodzi ma script a CLEO ndi mafayilo a DFF ndi TXD a GTA San Andreas: ndi okoma kuphunzira, gemuyo ya 2004 imayenda pafupifupi pa laputopu iliyonse, koma mafayilo amenewo simudzakumana nawo kunja kwa magemu akale a mtundu umenewo. Sindikuti musawakhudze. Ndikuti dziwani chomwe mukugula ndi nthawi yanu.

Chilankhulo cha khodi chimasamuka ngati mwasankha gemu yogwiritsa ntchito chilankhulo chenicheni. Lua ya mu Luanti mudzaipezanso mu Factorio, Garry's Mod, Project Zomboid, ma addon a World of Warcraft, ma seva a FiveM a GTA V, ndipo Roblox imagwiritsa ntchito mphukira yake yotchedwa Luau. Minecraft ya Java Edition, kudzera mu zida zolowetsera ma mod za Forge kapena Fabric, imakuphunzitsani Java, yomwe imalembedwa m'mapulogalamu a Android ndi m'makina a mabanki ambiri. Stardew Valley kudzera mu SMAPI, RimWorld, Valheim ndi Cities: Skylines zimakulowetsani mu C#, chilankhulo cha Unity (pulogalamu yopangira magemu) ndi cha mapulogalamu ambiri a m'maofesi. Ngati cholinga chanu chobisika ndi ntchito, pitani kumeneku. Java ndi C# ndi zolemera kwa woyamba kumene, nchifukwa chake ndimati Lua kaye, kapena Content Patcher ya Stardew Valley yomwe imangofuna mafayilo osavuta a JSON, miyezi ingapo, kenako mudumphire kwinako. Ma variable, ma loop, ma function ndi ma event mukawamvetsa kamodzi, kwinako mumangosintha kalembedwe.

Koma chomwe ine ndimaona kuti chimasamuka kwambiri si chilankhulo. Wopanga mod amagwira ntchito m'nyumba yomwe anamanga wina, nthawi zambiri popanda buku lofotokozera, ndipo amaphunzira kuwerenga khodi ya munthu yemwe sadzakumana naye. Ku makosi ambiri amakuphunzitsani kulemba pulogalamu kuyambira pa tsamba loyera. Kuntchito tsamba loyera ndi losowa; amakupatsani dongosolo lakale, amene analilemba anachoka, nkukuuzani kuti muwonjezere kanthu osagwetsa zina. Munthu amene anatsegulapo gemu ya Unity ndi ILSpy, chida choonetsa khodi yake, nkusaka pomwe mtengo wa chinthu umawerengedwa, ntchito imeneyo waichitapo kale.

Palinso kasakidwe ka vuto. Muli ndi ma mod 40, gemu ikugwa. Wosadziwa amachotsa imodzi imodzi mpaka usiku, kapena amafufuta zonse. Wodziwa amazimitsa theka, ayesa. Ngati ikugwabe, vuto lili mu theka lotsalalo, azimitsanso theka la pamenepo. Maulendo 6 okha wapeza wolakwa. Njira yomweyo imagwira pa netiweki, pa Excel yosokonekera, pa pulogalamu ina iliyonse. Ndiye pali kusweka kwa mod gemu ikasinthidwa. Skyrim italandira Anniversary Edition mu Novembala 2021, ma mod ambiri odalira chida chothandizira ma script cha SKSE anasiya kugwira mpaka eni ake atawakonza. Stardew Valley itafika pa 1.6 mu Malichi 2024, zinachitikanso. Mukakumana nazo kamodzi mumaphunzira nokha chifukwa chake anthu amasunga khodi mu Git (pulogalamu yosunga mbiri ya zonse zomwe mwasintha), amalemba manambala a version, ndiponso salumikiza mod yawo pa zinthu zomwe zingasinthe mawa. Ndipo Git yo iyambeni pa mod yoyamba, musadikire. Magetsi akathima muli pakati posunga fayilo, mudzandikumbukira.

Za zojambula sindichedwapo: GIMP kapena Krita, Blender, Audacity ya mawu, zonse zaulere, ndipo luso lake limasamuka lonse. Chimasintha ndi njira yotulutsira fayilo kuti gemuyo iilandire.

Mudzamva nkhani zotchuka, ndipo ndi zoona. Counter-Strike inayamba mu 1999 ngati mod ya Half-Life yopangidwa ndi Minh Le ndi Jess Cliffe, Valve, kampani yomwe inapanga Half-Life, inaigula mu 2000. Team Fortress inali mod ya Quake mu 1996, opanga ake analembedwa ntchito ku Valve. Dota inali mapu a Warcraft III. Mwa opanga ake, IceFrog anapita ku Valve kukapanga Dota 2, Steve Feak anapita ku Riot Games komwe kunatuluka League of Legends. PUBG yomwe ana akusewera pa mafoni inachokera kwa Brendan Greene, yemwe anayamba ndi mod ya Arma 2. Koma amenewa timawatchula mayina chifukwa ndi ochepa. Ya Nick Pearce wa ku Australia ndiyo imandiphunzitsa zambiri. Anali loya, anapanga The Forgotten City ngati mod ya Skyrim mu 2015, inapambana mphoto ya olemba nkhani m'dziko lawo. Atafuna kuisandutsa gemu yoima payokha, anayenera kuimanganso mu pulogalamu yopangira magemu ya Unreal Engine ndi kagulu kochepa, ndipo inatuluka mu 2021. Nkhani ndi kapangidwe ka masewero anapita nazo. Zina zonse zomwe Skyrim inkamupatsa ulele, kayendedwe ka anthu, zithunzi, kasungidwe ka gemu, anayambira pansi. Ndiye ngati mukuganiza kuti mod ikupangani wopanga magemu wathunthu, ayi, imakufikitsani pakati. Mbali inayo mudzaiphunzira m'mapulogalamu opangira magemu monga Godot kapena Unity.

Wolemba ntchito sagoma ndi mawu akuti "ndimapanga ma mod". Amagoma mukamuonetsa chinthu chomalizidwa: tsamba la GitHub pomwe khodi yanu ikuoneka, malangizo omveka a kaikidwe, anthu omwe anadandaula za vuto ndi momwe munalikonzera. Mod yaing'ono yomwe anthu 50 akugwiritsa ntchito ndipo mwaisamalira chaka chonse imalankhula kuposa mapulojekiti 10 osiyidwa panjira.

Pa ndalama musayembekezere zambiri. Gemu ndi ya eni ake, ndipo makampani ambiri amaletsa kugulitsa mod mwachindunji. Valve ndi Bethesda anayesa ma mod olipira pa Steam mu Epulo 2015, anthu anakwiya, anachotsa patangopita masiku ochepa. Take-Two, eni ake a kampani ya Rockstar yopanga GTA, mu 2017 inaletsa OpenIV, chida chachikulu cha ma mod a GTA V, ngakhale inadzabwerera m'mbuyo anthu atachita phokoso; Rockstar yomweyo mu 2023 inagula gulu lopanga FiveM. Maganizo a eni gemu amasintha, choncho werengani malamulo a gemu yanu. Musalowe ndi mod pa masewero a pa intaneti opikisana ndi anthu ena, akutsekerani akaunti. Musatenge galimoto kapena chithunzi cha wina nkuika mu mod yanu osapempha. Anthu a ma mod amakhululuka khodi yoipa koma kuba sakhululuka. Ndipo tsitsani kuchokera ku malo odziwika monga Nexus Mods, Modrinth, Steam Workshop kapena ContentDB ya Luanti, mukudziwabe kuti ngakhale malo akuluakulu amalowedwa: mu Juni 2023 kachilombo ka fractureiser kanafalikira kudzera mu ma mod a Minecraft pa CurseForge. Musanayese chilichonse, koperani foda ya ma save anu muiike pa flash.

Chingerezi chidzafunika, poti ma wiki ndi ma Discord a zinthuzi ali m'Chingerezi, koma ndi chowerenga, osati cholankhula. Bandulo ikavuta, sankhani malangizo olembedwa m'malo mwa mavidiyo. Fayilo ya lua_api ya Luanti mutha kuisunga nkumawerenga opanda intaneti.

Tiuzeni RAM ya laputopuyo ndi magemu omwe alimo kale. Ngati ndi 4GB, iwalani kaye za Minecraft yodzaza ma mod ndi Creation Kit. Yambani ndi njerwa ija mu Luanti, ndipo uthenga woyamba wa vuto ukatuluka muujambule wonse muutumize pano, tiuwerengere limodzi.