Kodi makope 500 miliyoni a One Piece anagulidwadi?

Wowerenga wina wanditumizira imelo yofunsa kuti zimatheka bwanji kuti nthano ya zithunzi ya ku Japan, yomwe eni ake amaitcha manga, ifike makope oposa 500 miliyoni monga amanenera za One Piece, ndiponso ngati chiwerengerochi chili cha mabuku amene anthu anagula zenizeni. Zikomo chifukwa cha funso lanu, ndipo ndiyamba ndi mbali yachiwiriyo chifukwa ndi imene imasokoneza anthu ambiri.

Makampani osindikiza mabuku monga Shueisha, Kodansha ndi Shogakukan akamalengeza ziwerengero zikuluzikuluzi, amanena za makope amene asindikizidwa ndi kutumizidwa m'masitolo, ngakhale ena a iwo akadali pa mashelefu, ndipo masiku ano kawirikawiri amaphatikizapo makope ogulidwa pa intaneti owerengedwa pa foni kapena pa kompyuta. Imene imatsata makope ogulidwa m'masitolo a ku Japan ndi kampani ya Oricon. Choncho chiwerengero cha One Piece chimene chinalengezedwa mu 2022, chomwe chikuphatikizanso mayiko akunja, si bodza ayi, koma musachimve ngati chiwerengero cha anthu. Wojambula wake, Eiichiro Oda, anayamba nkhaniyi mu 1997 ndipo mabuku ake apitirira 100, kotero munthu mmodzi amene wagula onse wawonjezera makope oposa 100 payekha.

Kuti nkhani ifike pamenepo imayamba yadutsa pa sefa wolimba. One Piece imatuluka m'magazini ya Weekly Shonen Jump, yomwe Shueisha inayamba kusindikiza mu 1968, ndipo mu 1995 inafika makope 6.53 miliyoni a kope la mlungu umodzi wokha. Magaziniyi imasindikizidwa pa pepala lotsika mtengo, imanyamula nkhani pafupifupi 20, iliyonse gawo limodzi la masamba pafupifupi 20, ndipo owerenga amavotera zimene zawasangalatsa kudzera pa khadi lomwe limabwera m'magazinimo. Nkhani imene ikutsalira m'mavoti imathetsedwa patangopita miyezi yochepa, ngakhale wojambula atakhala kuti anali ndi zambiri zoti anene. Ine njirayi ndimaiona kuti ndi yankhanza kwa ojambula, amene amagwira ntchito usana ndi usiku kuti gawo lituluke mlungu uliwonse, koma sindingakane kuti ndi imene imachititsa kuti kampani isindikize mabuku ochuluka a nkhani zokhazo zimene anthu aonetsa kale kuti akuzifuna. Magawo a nkhani yopulumuka amasonkhanitsidwa kukhala buku la masamba pafupifupi 200, lotchedwa tankobon, ndipo mabuku amenewa ndi amene amawerengedwa pa makope mamiliyoni aja.

Chitsanzo chimene chimandidabwitsa kuposa One Piece ndi Demon Slayer ya Koyoharu Gotouge, yomwe inatuluka m'magazini yomweyo kuyambira 2016 mpaka 2020 ndipo ili ndi mabuku 23 okha. Katuni yake ya pa TV isanayambe mu April 2019 inali ndi makope pafupifupi 3.5 miliyoni, koma pofika February 2021, filimu yake ya mu 2020 itaonetsedwa, inali itapitirira makope 150 miliyoni, moti pa nthawi ina masitolo ankatha mabuku osindikiza asanabweretse ena. Nkhani inali yomweyo, koma katuniyo inafikira anthu amene sankagula magazini, ndipo kugula mabuku 23 ndi kopepuka kusiyana ndi kuyamba ulendo wa mabuku 100.

Magazini ya pepala ija tsopano yatsika kufika makope pafupifupi 1 miliyoni pa mlungu, ndipo ndalama zambiri za manga ku Japan zikuchokera kwa owerenga pa foni ndi pa kompyuta. Mu 2019 Shueisha inatsegula tsamba la pa intaneti la Manga Plus, pomwe owerenga a kunja kwa Japan amatha kuwerenga mwaulere magawo oyambirira ndi atsopano a nkhani zake zambiri m'Chingerezi ndi m'zinenero zina, pa nthawi yomweyo imene magawowo akutuluka ku Tokyo.